Ndani Anagoneka Waya wa Njovu?

Sabata ino mpando wandikana. Ndikakhala pansi ndinyamuka, ndikanyamuka ndisowa kolowera. Mkazi wanga anafika pondifunsa ngati ndakhalira chitedze, ine n'kunamizira kutentha kwa Okutobala. Si kutentha ayi. Chikundisowetsa mtendere ndi kameseji kamodzi kamene kali m'foni mwanga.

Zinayamba Lachiwiri m'mawa. Ndikupalasa njinga kupita kusukulu kumene ndimaphunzitsa, ndinamva mayi akulira kumadimba a m'mbali mwa mtsinje wa Lupande, kulira kwenikweni kwa pamaliro. Nditapatuka ndinapeza ali amake Jesi, atakhala m'dothi, manja ali kunkhongo. Amake Jesi ndi mayi wamasiye, ndipo iwo ndi zidzukulu zawo zitatu amadya za dimba limodzi. M'mawa umenewo dimbalo kunalibe. Chimanga chimene chinali chitabereka kale, matimati, repu, zonse zinali zitapondedwa n'kusanduka matope, ndipo pakati pa mabedi panali ndowe za njovu zisanaume n'komwe.

Kwa inu amene mukuwerenga muli kumtunda, kumene mdani wa dimba ndi mbuzi ya neba, ndifotokoze pang'ono. Madimba athu anazunguliridwa ndi waya wamagetsi. Magetsiwo amachokera ku sola, ndipo amadzera m'kabokosi kotuwa kamene kanakhomedwa pamtengo pafupi ndi geti. Waya ukakhala moyo kabokosiko kamagunda, thi, thi, thi, osalekeza. M'kati mwake muli simukadi ngati ya m'foni mwanu. Woyatsa ndi kuzimitsa ndi munthu mmodzi yekha, a Mwanza, skauti wolondera nyama zakuthengo wa m'mudzi mwathu. Iwo ndiwo anapatsidwa pasiwedi, ndipo amaulamula wayawo pafoni yawo.

Lachiwiri m'mawa kabokosi kanali zii. Njovu si chitsiru, imaudziwa waya wogona. Zinangokankha mitengo iwiri n'kulowa ngati kwawo.

Anthu atasonkhana, amai Zulu, amene ndi tcheya wa komiti ya waya, anafunsa funso limene aliyense ankaliyembekeza.

"A Mwanza, pasiwedi ya waya uyu ili ndi ndani?"

"Ili ndi ine, amai a tcheya."

"Wina?"

"Palibe wina. Koma ine sindinazimitse. Dzulo ndinadutsa pano pa sikisitini awazi, kanali kugunda bwinobwino. Onani, ngakhale pano foni yanga ikunena kuti waya uli moyo."

Anthu anaseka, kuseka koipa kuja. Waya uli pansi, munthu n'kumaonetsa foni! Kumbuyo kunayamba manong'onong'o. Ena ati a Mwanza analedzera, chonsecho bamboyu ndi mkulu wa mpingo amene ngakhale thobwa logona amalikana. Ena ati anapangana ndi opha nyama kuti awadutsitse. Pofika masana ofesi yawo inali itawauza kuti avule yunifomu, akhale kunyumba mpaka komiti ikumane Loweruka n'kulemba kalata yonena ngati ali olakwa. Kalatayo ikanena kuti inde, ntchito yatha, ndipo nyumba ya kukampu imene amakhalamo ndi ana awo anayi ayenera kutulukamo.

Ine nthawi yonseyo ndinali chiimire pambali, nditagwira njinga.

Ndikuuzeni chifukwa chake.

Waya uja uli ndi geti limodzi, ndipo getilo lili kutali ndi njira yanga. Kuzungulira ndi theka la ola, padzuwa la kuchigwa kuno limene limakuphika uli moyo. Koma kabokosi kaja kali ndi nambala, ndipo pali kaliwu kena kamene ukakatumiza pameseji ku nambala imeneyo, waya umagona. Sikafunsa pasiwedi. Sikafunsa kuti ndiwe yani. Utukula waya, ulowetsa njinga, udutsa pakati pa madimba, utulukira mbali inayo, utumiza kaliwu kena, waya udzuka. Mphindi zisanu basi, uli kwanu.

Lolemba madzulo ndinatero, ndipo sikanali koyamba. Ndinatumiza meseji yogoneka, ndinadutsa, ndinatumiza yodzutsa, n'kuponya foni m'thumba. Ndiye Lachiwiri, nditaima padimba la amake Jesi, ndinatulutsa foni kuti ndione nthawi. Meseji yachiwiri ija inali pomwepo, pambali pake pali kachizindikiro kofiira. Sinapite. Netiweki ya kuno mukuidziwa, imabwera ndi kuchoka osatsanzika.

Ndinabweza foni m'thumba, n'kukwera njinga kupita kukaphunzitsa ana a giredi sikisi masamu.

Mwina mukufunsa kuti munthu wamkulumkulu ngati ine kaliwu kameneka ndinakatola kuti. Kumaliro. Chaka chatha, nyengo ngati yomweino, m'mudzi munagwa zovuta a Mwanza ali kuthengo kolondera, kumene foni sigwira kwa masiku angapo. Manda athu ali tsidya la madimba. Adzukulu, okumba manda aja, ataona kuti kuzungulira ku geti, bokosi lili pamapewa, padzuwa lotere, n'kuonjezera maliro ena, anaimbira mmisiri amene anamanga wayawo. Mmisiriyo anamva chisoni. Anawauza nambala, anawauza kaliwu, nati, "Koma musauze munthu." Anathandiza ndithu, ndipo mnzathu tinamuika m'nthawi yake.

Koma kuuza adzukulu kuti asauze munthu! Anthu amene pamaliro ntchito yawo ndi kunyogodola ndi kunena poyera zimene ena akubisa? Dothi lisanaume pamtumbira, kaliwu kaja kanali katafika kwa asodzi, kwa amayi otola nkhuni, kwa ine. Tinkapatsana ngati mchere wa pachinansi. Aliyense pokupatsa ankatsitsa mawu nati, "Koma musauze munthu." M'foni mwanga nambalayo ndinaisunga ndi dzina lakuti Chidule.

Koma a Mwanza sanauzidwe. Ndani angakauze mlonda kuti kuseri kuli chibowo chimene wouzayo nayenso amadzerapo?

Lachinayi kunabwera mmisiri wina kuchokera ku Chipata, amai Daka. Anatsika minibasi ku Mfuwe n'kufika kuno panjinga yamoto, fumbi lili m'nsidze. Tinasonkhana pageti. Analumikiza waya woduka uja, anayatsa, kabokosi n'kuyambanso kugunda. Kenako anakatsegula, analumikizako kakompyuta kake, nawerama n'kumawerenga. Atadzutsa mutu anapempha foni ya munthu aliyense. Amake Jesi anamasula mfundo ya chitenje n'kuwapatsa kafoni kawo ka mabatani, komanga ndi mphira. Amai Daka anadina pang'ono.

Kabokosi kanangoti zii.

"Mwaona?" anatero. "Foni iyi si ya a Mwanza. Ilibe pasiwedi. Koma kabokosi kamvera. A Mwanza, yanu ikuti chiyani?"

"Ikuti waya uli moyo."

Amai Zulu anagwira pakamwa. "Ndiye pasiwedi ija ndi ya chiyani, amisiri?"

"Ndi ya khomo lakutsogolo, amai. Opanga anaika khomo lina kuseri, loti ife amisiri tizilowerapo poyesa makina. Anayenera kulitseka asanagulitse, kapena kuikapo loko. Sanatero. Ndipo munthu akalowera kuseriko, foni ya a Mwanza siuzidwa. Imangoonetsa zakale."

"Zakhala choncho kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku limene anakakhoma pamtengopa. Opanga anatulutsa kale mankhwala ake, ife timati apudeti, koma pamafunika munthu wodzawaika. Amene anakupatsani wayayu anamanga, anajambula zithunzi, anapita."

Apa ndi pamene ine ndinatsegula pakamwa. Musaganize kuti ndinaulula. Ndinafunsa funso, ndipo ndinalifunsa mwauphunzitsi, ngati munthu wofuna kuthandiza msonkhano.

"Nanga kabokosika kamalemba amene watumiza meseji?"

"Ayi, aphunzitsi. Sikalemba dzina, sikalemba nambala, sikalemba nthawi. Kamangomvera."

Ndivomere pano pamaso panu: mtima wanga unakhala pansi. Ndinapuma mpweya wabwino woyamba kuchokera Lachiwiri. Manyazi anabwera pambuyo, ndipo mpaka pano sanachoke.

Amai Daka asanatseke khomo lakuseri lija anatiyang'ana tonse nafunsa, "Kodi alipo pano amene ankalidziwa khomo limeneli?"

Simunaonepo mudzi wotanganidwa chotero. Msodzi wina anapeza munga kuphazi. Amayi awiri anayamba kukonzana maduku. Ine ndinaona kuti tcheni cha njinga yanga chikufunika mafuta. Palibe dzanja limene linakwera.

Amai Zulu anadikira, nadikira. Kenako anati, "Ngati m'mudzi muno mulibe amene ankalidziwa, ndiye angalidziwe ndani kupatula amene amakhala ndi kabokosika tsiku ndi tsiku? Tikumana Loweruka monga tinapanganira."

Mwamva? Umboni umene unayenera kuwamasula a Mwanza unawamanga kawiri, chifukwa cha kukhala chete kwathu.

Kuchokera pamenepo ndakhala ndikukwiya, ndipo mkwiyo wanga ukusowa pokhazikika. Uyamba ndi opanga. Munthu amene sanaonepo njovu, sanamvepo fungo lake, akhala kutali uko n'kupanga chinthu choima pakati pa njovu ndi chakudya cha ana amasiye, ndiye n'kuiwala kutseka khomo? Kutsogolo aikako loko wamkulu wonyezimira kuti ogula akhulupirire. Amai Daka anatiuza kuti meseji ija sikuti iyenera kuchokera m'mudzi muno. Itha kuchokera ku Lusaka, itha kuchokera kutsidya kwa nyanja, kwa munthu amene dzina la dera lathu lino la Mambwe sanalimvepo. Kale wofuna kukuonongera dimba ankayenera kubwera ndi miyendo yake, n'kusiya mapazi m'dothi, ife n'kuwalondola. Uyu wa lero sasiya phazi.

Kuyambira Lachinayi maso anga akungoona timabokosi. Pampu ya sola pamjigo ili ndi kabokosi kolankhula ndi foni ya winawake. Firiji ya katemera imatumiza uthenga kwa akuluakulu ikayamba kufunda. Mageti ena a m'maloji amatseguka okha bwana akadina foni. Sindikunena kuti zonsezi n'zobooka, musandinamizire. Sindikudziwa. Chikundisautsa n'chomwecho, chakuti sindikudziwa, inu simukudziwa, ndipo palibe amene anafunsa.

Tsiku lolandira zinthu zimenezi timavina, timaimba, alendo amalankhula mpaka dzuwa kupendeka. Funso lathu limakhala limodzi: kiyi asunga ndani? Pamenepo timakangana mpaka kutukwanizana, chifukwa kiyi ndi ulemu. Ndani anaimirirapo n'kufunsa kuti, "Kodi chinthuchi chili ndi khomo lina? Chikazima chidzatiuza? Chidzatiuza amene wachizimitsa? Opanga akadzapeza kuti analakwitsa penapake, adzabwera kudzakonza ndani, ndipo adzadziwa bwanji kuti kuno kuli anthu?" Timaona ngati kufunsa wokupatsa mphatso n'chipongwe. Ndiye timalandira ndi manja awiri, maso titatsinzina.

Atate anga ankalondera munda ali pansanja, ndi chitini ndi moto wa tsabola. Sindikulakalaka masiku amenewo, anthu ankafa. Waya uja wapulumutsa madimba ambiri, ndipo amene akunena kuti tiuzule sanathamangitsidwepo ndi njovu ya mwana. Koma pansanja paja, njovu zikalowa, zinkadziwika kuti wagona ndani. Lero tili ndi mlonda amene amamvera aliyense ndipo sakumbukira aliyense. Zikavuta timatembenukira kwa munthu wovala yunifomu, chifukwa iye ndiye ali ndi nkhope.

Ndilinso ndi mawu kwa omanga. Munamanga waya wa geti limodzi modula njira ya kumanda, njira ya kumtsinje, njira ya kusukulu. Munatifunsa kumene timayenda? Mukatseka njira imene mapazi anazolowera kuyambira makolo, musadabwe anthu akapeza chibowo. Khomo lakuseri lija likanakhala chigonere mpaka lero, pakanakhala kageti kachiwiri koyang'ana kumanda.

Mwaona mmene ndikuchitira? Ndadzudzula opanga, ndadzudzula opereka, ndadzudzula omanga. Ndikhoza kupitiriza mpaka pepala kutha, ndipo zonse zingakhale zoona. Mkwiyo ndi wokoma ukamaloza kutali.

Koma wopanga uja sanadutse m'madimba Lolemba. Ndinadutsa ndine.

Ife anthu timakonda chidule, ndipo timachikonda kwambiri chikakhala chachinsinsi, chifukwa timamva ngati ndife ochenjera kuposa anzathu ozungulira ku geti. Chaka chathunthu tinkadziwa kuti loko wa a Mwanza ndi wokongoletsa chabe. Aliyense wa ife akanatha kupita kukawanong'oneza. Sitinatero, chifukwa chibowo chikatsekedwa tizizungulira. Ndipo Lachiwiri, ena mwa amene ankanong'ona za uchidakwa ndi za opha nyama anali ndi nambala ija m'thumba. Sindingawaloze chala. Anyani sasekana zikundu.

Lachinayi madzulo ndinalephera kupirira, ndinamuonetsa mkazi wanga meseji ija. Sanakalipe. Anangoti, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," n'kupitiriza kusankha nyemba.

Choncho lero Lachisanu, nditaweruka, ndapita kukampu. Sindinadzere kumsewu, kumene anthu akanandiona. Ndinadzera kanjira ka kuseri kwa nyumba, kodutsa pakhola la nkhuku. A Mwanza ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango, akupukuta jombo zimene sakudziwa ngati adzavalanso. Pakhonde akazi awo anali atayamba kale kulongedza mapoto m'thumba.

"Mwaswera bwanji, a Mwanza?"

"Taswera, aphunzitsi, kaya inu. Khalani apa."

Sindinakhale. Ndinatulutsa foni, ndinatsegula meseji ija, n'kuwapatsa. Mawu amene ndinakonza panjira onse anathawa. Ndinangoti, "Ndine."

Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandibwezera foni. Sanakwiye, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mbama.

"Seventini awazi," anatero, kunena nthawi ya mesejiyo. "Wina anabwera m'mawa, akuti iye anadutsa pa eyitini ndipo sakukumbuka ngati anadzutsa. Mayi wina akuti foni inamuthera moto ali pakati pa madimba. Aphunzitsi, inu ndinu wachisanu kuyambira dzulo. Aliyense akuti ndi iye."

Mtima wa munthu! Pomwepo unadumpha n'kundiuza kuti ndiye mwina si ine, mwina wina anadzutsa waya pambuyo panga, wina n'kudzaugonekanso. A Mwanza anaziona pankhope panga.

"Mwina si inu," anatero. "Mwina ndinu. Kabokosi sikadziwa, ine sindidziwa, inunso simudzadziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti nonse asanu mwadzera kuseri kwa nyumba. Amake mwana akuti tiikepo geti pakhola la nkhukupo."

Ndinayesa kuseka, sizinatheke.

"Kupepesa kwanu ndalandira," anapitiriza. "Koma kalata salembera kuseri kwa nyumba yanga. Mawa pa naini awazi, pageti paja, anthu onse ali pomwepo. Mudzabwera?"

Ndinati ndidzabwera. Anayi enawo akuti ananenanso chimodzimodzi, ndipo a Mwanza sanasiye kupukuta jombo, akazi awo sanasiye kulongedza.

N'chifukwa chake ndalemba izi. Ndikudzidziwa. Mawa m'mawa mimba itha kundipweteka, tayala la njinga litha kuphwa, pangapezeke chifukwa chabwino kwambiri chokhalira kunyumba. Tsopano zalembedwa, ndipo pepala likangochoka m'manja mwanga chidule chatha. Ndidzaimirira, ndidzakweza foni, ndidzawerenga meseji yofiira ija mokweza. Ndikatero ndidzatenga khasu kupita kudimba kwa amake Jesi, ngati adzandilole kupondamo.

Khomo lakuseri amai Daka analitseka, nambala ija tsopano ilibe ntchito. Komabe tsegulani foni yanu muone. Inu munaisunga ndi dzina lanji? Geti? Mlamu? Maliro? Musaifufute msanga, ndi umboni wokhawo umene bambo wa ana anayi uja ali nawo.

Kabokosi kaja sikankafunsa kuti ndiwe yani. Mawa amai Zulu adzafunsa. Ine mpando unandikana kale. Nanga inu anayi, ndi inu ena ambirimbiri amene ngakhale kuseri kwa nyumba ija simunafikeko, a Mwanza akadzaimirira okha pageti paja, mpando wanu udzakulolani kukhala?